CHITSEKO CHIKADULA CHALA, ALIPIRE NDANI?

Pa nyumba ina yosungiramo katundu mumzinda wa Blantyre pali mlonda wina wachikulire amene ndimapatsana nawo moni ndikamadutsa m'maŵa. Tsiku lina, titagwirana chanza, ndidamva kuti dzanja lawo silikudzaza bwino m'dzanja langa. Poyang'ana ndidaona kuti chala chamkombaphala chidathera pa mfundo yoyamba, ndipo chapakati chidauma chopindika ngati mbedza. Ndidati, "Pepani bambo, kodi apa padagwa zotani?" Iwo adaseka pang'ono naloza geti lachitsulo limene amakankha tsiku ndi tsiku. "Ndi ili, mwana wanga. Ndidachedwa kuchotsa dzanja." Nditafunsa ngati adalandirapo chipukuta misozi, adandiyang'ana modabwa nati, "Ndikadapempha bwanji, poti wolakwa ndidali ine?"

Yankho limenelo ndilo landikhazika pansi kuti ndilembe gawo lino la nkhani zathu za anthu apantchito. Akuluwo adadziŵeruza okha, nadzipeza olakwa, nadzimana chimene lamulo likadawapatsa. Munthu akadulidwa mkono ndi lamba wa chigayo kapena makina ocheka matabwa, mudzi wonse umadziŵa kuti yachitika ngozi ya pantchito. Koma chitseko nchinthu cha m'nyumba, chimene ngakhale mwana amatsegula, kotero wopanidwa nacho amachita manyazi m'malo modandaula, anzake namamseka kuti amayenda ali mtulo. Komatu malamulo a chipukuta misozi adapangidwa makamaka pofuna kuchotsa funso lomwelo lakuti wolakwa ndani. Ngati lamulo silifika pa chala chopanidwa ndi chitseko, ndiye kuti likulephera pamene lidayenera kugwira ntchito mosavuta.

Tiyambe ndi chitseko chenichenicho, pakuti ambiri timachipeputsa. Chitseko chili ndi mbali ziŵiri zoluma: kumene kuli loko ndi kumene kuli mahinjesi. Kuloko kaŵirikaŵiri kumangotupitsa chala ndi kudetsa chikhadabo. Kumahinjesi ndiko kumadula. Chifukwa chake nchosavuta kumva kwa aliyense amene adayamba wagudubuzapo mwala waukulu ndi mtengo wautali: ukagwira kutali, mphamvu yochepa imasanduka yaikulu pafupi ndi potsamira. Tiyerekeze chitseko cha masentimita 80 m'lifupi, chala chili masentimita 2 kuchokera pa hinjesi. Munthu akakankha kumapeto kwa chitsekocho ndi mphamvu yonga yonyamulira makilogalamu 5 okha, pachalapo pamafika mphamvu yoŵirikiza ka 40, ndiye kuti makilogalamu 200, kulemera kwa matumba anayi a chimanga. Wokankhayo sadziŵa nkomwe kuti chitseko chagwira kanthu. Tsono ichi nchitseko chathabwa cha mu ofesi. Nanga geti lachitsulo loyenda panjanji, limene likayamba kuthamanga siliima mpaka litagunda chipilala? Nanga zitseko za kontena mphepo ikaziwomba, zitseko zokhuthala za zipinda zozizira zosungiramo nyama, chitseko cha pashedi chotsika kuchokera kumwamba, chakumbuyo kwa lole, ndi chitseko chokoka cha minibasi, chimene kondakitala amatseka kosaŵerengeka pa tsiku, nthaŵi zina galimoto itanyamuka kale?

Bala la chitseko nloipa kuposa la mpeni. Mpeni umadula mosalala, koma chitseko chimaphwanya fupa, mnofu ndi mitsempha pamodzi. M'chaka cha 1965 madokotala aŵiri a ku Japan, Komatsu ndi Tamai, adakhoza kulumikiza chala chamanthu chimene chidadukiratu, posoka timitsempha ta magazi tating'ono ngati ulusi, ndipo kuyambira pamenepo luso limeneli lafalikira m'maiko ambiri. Koma limatheka bwino pa chala chodulidwa mosalala. Pa chophwanyika, nthaŵi zambiri dokotala amangokonza chotsalacho natseka bala. Limafunanso akatswiri ndi zipangizo zimene sizipezeka pa chipatala chilichonse. Ngakhale zili tero, pantchito paliponse pakadayenera kukhala munthu mmodzi wodziŵa zoyenera kuchita: kupanikiza bala ndi nsalu yoyera, kukweza dzanja m'mwamba, kukulunga chidutswa chodukacho m'nsalu yoyera yonyoŵa, kuchiika m'thumba lapulasitiki lomanga bwino, thumbalo nkuliika m'madzi a ayezi. Chidutswacho chisakhudze ayezi mwachindunji, pakuti chimawonongeka. Chala chosungidwa motero chikhoza kudikira maola ambiri, ndipo chiŵeruzo chakuti chingalumikizike kapena ayi nchadokotala, osati cha kapitao. Jakisoni wa kafumbata nayenso asaiŵalike.

Bala likapola mpamene vuto lenileni limaoneka. Dzanja la munthu lili ndi mafupa 27, ndipo 14 mwa ameneŵa ali m'zala. Buku la bungwe la madokotala a ku America loyezera kulumala limaŵerengera chala chamanthu kukhala magawo 40 pa 100 a ntchito ya dzanja lonse, chamkombaphala ndi chapakati magawo 20 chilichonse, ziŵiri zotsalazo magawo 10 chilichonse. Makolo athu, osayeza ndi buku, adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wotaya chala amavutika kumanga batani, kugwira singano, kutola ndalama yachitsulo, kugwira bwino mpini wa khasu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chotsalacho chimaŵaŵa ngati chabayidwa, ndipo ena amamva kuyabwa pa chala chimene kulibe. Likakhala dzanja lamanja, ndilo lodyera nsima ndi lopatsira moni. Munthu amayamba kulibisa m'thumba pagulu. Masiku ano palinso china chimene makolo sadachione: makina a m'mabanki ndi a m'maofesi amene amazindikira munthu ndi chidindo cha chala.

Kuti timvetse chifukwa chake mlonda uja adalakwitsa podziimba mlandu, tiyenera kubwerera ku Ulaya, kumene malamulo ameneŵa adabadwira, popeza lathu ndi mphukira ya a kumeneko. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1800, wantchito wovulala ankayenera kusumira bwana wake kubwalo lamilandu ndi kuonetsa umboni wakuti bwanayo ndiye adalakwa. Bwana adali ndi zishango zitatu. Akadanena kuti wovulalayo nayenso adathandizira ngozi posasamala. Akadanena kuti wolakwa ndi wantchito mnzake, osati mwini ntchito. Kapena akadanena kuti poloŵa ntchito munthuyo adadziŵa kuopsa kwake navomera yekha. Taonani mmene zishango zitatuzi zikukwanirira pa nkhani ya chitseko! Udaika dzanja wekha, watseka ndi mnzako, ndipo palibe amene sadziŵa kuti chitseko chimapana. Pansi pa malamulo otero wopanidwa ndi chitseko sakadapambana mlandu ngakhale umodzi.

Dziko la Germany ndilo lidayamba kusintha zinthu m'chaka cha 1884, pa nthaŵi ya Otto von Bismarck, pokhazikitsa inshuwalansi ya ngozi za pantchito imene olemba anthu ntchito ankasonkhera. Britain idatsatira m'chaka cha 1897 ndi lamulo lakuti bwana alipire wovulala ngakhale palibe umboni wa kulakwa kwake, ndipo mu 1906 lamulolo lidakuzidwa mpaka kufika kwa antchito a m'nyumba. Ku America nkhaniyi idafulumizidwa ndi zitseko zomwe, ngakhale mwa njira ina. Pa 24 Malichi 1911 bwalo lalikulu la chigawo cha New York lidathetsa lamulo la chipukuta misozi la chigawocho, poti linkalanda chuma cha olemba ntchito popanda mlandu. M'maŵa mwake, pa 25 Malichi, moto udabuka m'fakitale yosoka malaya ya Triangle mumzinda wa New York, ndipo anthu 146 adafa, ambiri a iwo atsikana, ena chifukwa chakuti chitseko chothaŵira chidali chokhoma. Mkwiyo wa anthu udachititsa kuti malamulo aakulu a chigawocho asinthidwe mu 1913, chipukuta misozi nkubwerera.

Mzimu wa malamulo onseŵa ndi umodzi. Ndi pangano: wantchito alandire mwamsanga, popanda kutsimikiza kuti wina adalakwa, mwini ntchito naye adziŵiretu malire a zimene adzalipire. Funso silikhalanso lakuti wolakwa ndani, koma lakuti kodi ngoziyo idachitika munthuyo ali pantchito ndiponso chifukwa cha ntchitoyo. Nzoona kuti malamulo a mtundu umenewu amakana kulipira munthu wodzivulaza dala kapena wochita mwano waukulu mwadala. Koma kuchedwa kuchotsa dzanja si mwano. Kutopa pambuyo pochezera usiku wonse si mwano. Mlonda amene ntchito yake nkutsegula geti, akapanidwa ndi geti, wavulala ndi chida chake cha ntchito, monga mmene mmisiri amavulalira ndi sowo.

Tikavomereza kuti ayenera kulipidwa, pamabuka funso lachiŵiri, lovuta kuposa loyamba: chala nchandalama zingati? Kuika mtengo pa ziŵalo za munthu kumanyansa, koma sikudayambe lero. Alexandre Exquemelin, amene adakhala pakati pa achifwamba a panyanja ya Caribbean, adalemba m'buku lake la 1678 kuti achifwambawo ankapangana asadanyamuke: wotaya mkono wamanja alandire ndalama zasiliva 600, wamanzere 500, diso 100, chala 100. Maboma adangotenga nzeru yomweyo naikonza. Ku New York mtengowo amauŵerengera m'masabata a malipiro: mkono masabata 312, dzanja 244, chala chamanthu 75, chamkombaphala 46, chapakati 30, chotsatira 25, chaching'ono 15. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, lamulo la 1993 lotchedwa COIDA limaŵerengera m'magawo a pa 100: dzanja loduka pa mfundo yake magawo 50, chala chamanthu chonse 25, chamkombaphala chonse 10, chaching'ono 4.

Ndandanda zoterezi zili ndi ubwino wake, pakuti zimachepetsa mikangano ndipo sizipatsa mpata kalaliki woti azikondera. Koma zili ndi khungu paŵiri. Poyamba, sizifunsa kuti chalacho chinkagwira ntchito yanji. Telala, wolemba pa kompyuta, woimba gitala ndi mlonda onse amaŵerengeredwa magawo amodzimodzi pa chala chamkombaphala, pamene kwa telala chalacho ndicho ntchito yake yonse. Kachiŵiri, mtengo umadalira malo amene munthu wavulalira. M'chaka cha 2015 atolankhani a ProPublica ndi NPR ku America adafalitsa nkhani ya amuna aŵiri amene adataya mkono wamanzere m'mafakitale, wina m'chigawo cha Alabama, wina m'chigawo choyandikana nacho cha Georgia. Wa ku Alabama adalandira madola 45,000. Wa ku Georgia adali woti akhoza kulandira madola oposa 740,000 pa moyo wake wonse. Dziko limodzi, mkono umodzimodzi. Izi zikutiphunzitsa kuti mtengo wa chiŵalo suchokera kwa dokotala ayi. Umachokera m'Nyumba ya Malamulo, ndipo chimene aphungu adaika aphungu akhoza kusintha.

Tsono tibwere kwathu kuno. Lamulo loyamba la chipukuta misozi cha apantchito lidafika m'dziko lino m'zaka za m'ma 1940, pa nthaŵi ya atsamunda. Lidalembedwanso mu 1990, kenaka mu 2000 padadza la Workers' Compensation Act. Lamulo la 2000 lidaika kuti munthu amene walumala kotheratu, wosathanso kugwira ntchito, alandire malipiro ake a miyezi 54 nthaŵi imodzi; akamwalira, banja lake lilandire a miyezi 42. Wolumala pang'ono, monga wotaya chala kapena dzanja, amalandira gawo la miyezi 54 ija molingana ndi magawo a kulumala amene ayezedwa. Ndalama za kuchipatala nazonso zili pamutu pa mwini ntchito. Nkhanizi zimadzera ku maofesi a Unduna wa Zantchito, amene anthu amangowatchula kuti ku Leba, ndipo pali Komishonala woziyang'anira.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, pakuti nkhani ya ndalama siimveka popanda masamu. M'chaka cha 2024 boma lidaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pa mwezi. Miyezi 54 ya malipiro ameneŵa ndi K4,860,000: umenewo ndiwo udali mtengo wa moyo wonse wa ntchito wa munthu wolandira malipiro otsikitsitsa. Tiyerekeze kuti chala chake chayezedwa kukhala magawo 10 pa 100. Alandira K486,000, malipiro a miyezi isanu ndi masiku oŵerengeka. Apa sitikusiyana kwenikweni ndi a ku South Africa, kumene kulumala kwa magawo 30 kumalipidwa ndi malipiro a miyezi 15 nthaŵi imodzi, kotero magawo 10 amapatsa miyezi isanu. Kusiyana kumaoneka bala likakula. Kumeneko munthu akapitirira magawo 30 salandiranso ndalama ya kamodzi, koma penshoni ya mwezi ndi mwezi moyo wake wonse. Wotaya dzanja amalandira pafupifupi magawo 37 pa 100 a malipiro ake mwezi uliwonse, ngakhale pali malire kwa olandira ndalama zambiri. Pansi pa lamulo lathu la 2000, tikayerekeza magawo 50 omwewo, munthu alandira malipiro a miyezi 27, ndiye kuti K2,430,000, basi. Mnyamata wa zaka 25 wotaya dzanja amapatsidwa chakudya cha zaka ziŵiri ndi miyezi itatu, pamene patsogolo pake pali zaka makumi atatu kapena anayi zoti adye, adyetse ana ndi kulipira sukulu.

Ena amati ndalama ya kamodzi njabwino chifukwa munthu akhoza kuyamba nayo bizinesi. Kwa ena nzoona. Koma ife amene tidakulira m'midzi imene amuna ankabwera kuchokera ku Wenela tikudziŵa mmene ndalama ya kamodzi imathera: njinga, wailesi, malata pang'ono, ngongole za abale, ndipo pomatha chaka thumba lili pululu, dzanja likadali lomwe lija. Sindikunena izi monyoza. Munthu amene sadagwirepo ndalama yochuluka, amene abale onse amva kuti walandira, ndipo alibe pena potapa, sangaisunge ndalamayo ngakhale atakhala wanzeru chotani.

Palinso mdani wina amene lamulo silimuona, ndiye nthaŵi. Chipukuta misozi chimaŵerengeredwa pa malipiro amene munthu ankalandira pamene ankavulala, koma chimatuluka pambuyo pa chikalata cha dokotala, kuŵerengera kwa a ku Leba, ndi kuvomera kwa bwana kapena a inshuwalansi. M'mwezi wa Meyi 2022 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 ndi magawo 44 pa 100. Munthu amene adavulala kumayambiriro kwa 2022 nkudzalandira mu 2024 adalandira nambala yolondola papepala, koma kumsika idagula zochepa kwambiri. Mwezi uliwonse wochedwa umapindulira wolipira ndi kudyera wolipidwa. Mwa maganizo anga, chipukuta misozi chochedwa chiyenera kumabwera ndi chiwongoladzanja, pakuti pokhapo mpamene wochedwetsa angamve kutentha.

Koma muzu wa vuto uli pa funso lakuti ndalamayo ichokere m'thumba la yani. Dongosolo limene tidalandira kwa atsamunda nlakuti bwana aliyense alipire yekha wantchito wake, kapena agule inshuwalansi. Motero wovulala amaima maso ndi maso ndi munthu yemweyo amene amamlipira pakutha pa mwezi, amene akhozanso kumchotsa ntchito. Ndani angalimbe mtima kukasuma ku Leba akudziŵa kuti ana akudya chifukwa cha bwana yemweyo? Ambiri amalandira kandalama ka "pepani" ndi ka mankhwala, nakhala chete. Tisaiŵalenso mbali ya mwini ntchito wamng'ono. Mwini sitolo wa antchito atatu akauzidwa kuti atulutse mamiliyoni aŵiri nthaŵi imodzi, akhoza kutseka sitoloyo, ndipo wovulala sapeza kanthu, anzake aŵiri nkutaya ntchito. Chodabwitsa nchakuti Britain yomwe, imene idatipatsa dongosolo limeneli, idalisiya ndi lamulo la 1946, naika ngozi za pantchito m'thumba la dziko lonse. Ife tidatola chovala pamene mwini wake ankachivula.

Aphungu athu adaliona vutoli. Lamulo la 2000 lidalonjeza thumba limodzi la chipukuta misozi, loti olemba ntchito onse azisonkhamo pang'onopang'ono, wovulala nkumalandira kuchokera m'menemo, pamodzi ndi bungwe loliyang'anira. Zaka makumi aŵiri zidatha thumbalo lisadayambe kugwira ntchito. M'zaka zomwezo anansi athu sadagone: ku Zambia bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board limatolera zosonkha kwa olemba ntchito ndi kulipira ovulala, ndipo ku Tanzania thumba lotero lidayamba ntchito mu Julayi 2015. Ubwino wa thumba ngwakuti limachotsa udani pakati pa bwana ndi wantchito. Bwana amene wasonkha kale sataya kanthu pokanena za ngozi, kotero alibe chifukwa choibisira. Limathekanso kulipira penshoni, chinthu chimene sitolo yaing'ono singalonjeze, popeza siidziŵa ngati idzakhalapo zaka khumi zikubwerazi. Sindikubisa kuti thumba lili ndi zoopsa zake. Ndalama zambiri zikaunjikana pamalo amodzi zimaitana manja aatali, ndipo thumba la ku South Africa ladandaulidwa kwa zaka zambiri chifukwa cha kuchedwa ndi kusokonekera kwa mabuku ake. Koma mankhwala a zimenezo ndi kuyang'anira kolimba, osati kusiya wovulala kuti alimbane yekha ndi bwana.

Njira ya bwalo lamilandu ilipo kwathu kuno kwa amene angaonetse kuti mwini ntchito adanyalanyaza udindo wake, monga kusiya geti lopanda choimitsira kapena chitseko chothyoka hinjesi kwa miyezi. Kumeneko woŵeruza amaŵerengeranso ululu ndi kusokonekera kwa moyo, zimene ndandanda ya miyezi 54 siiona. Koma imeneyo ndi njira ya maloya, ya zaka, ndiponso ya funso lakale lija lakuti wolakwa ndani. Pa nkhani ya chitseko, funso limenelo kaŵirikaŵiri limagwera wovulala.

Ndiye pali khamu la anthu amene lamulo limaŵerengedwa iwo ali kunja kwa mpanda. Kondakitala wa minibasi alibe kalata ya ntchito, alibe pepala la malipiro, ndipo nthaŵi zina mwini galimoto samdziŵa nkomwe chifukwa adamlemba ndi dalaivala. Chitseko chikamdula chala, miyezi 54 ija tiiŵerengera pa malipiro ati? Chimodzimodzi wonyamula katundu pamsika, mnyamata wotsegula geti panyumba ya munthu, ndi mayi wogwira ntchito ya m'nyumba. Ku South Africa antchito a m'nyumba adali kunja kwa lamulo la COIDA mpaka pa 19 Novembala 2020, pamene bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula, pa mlandu wa Mahlangu, kuti kuwasiya kunja nkuwasala. Chigamulo chimenecho chikukhudza Amalaŵi ambiri amene akusesa m'nyumba ndi kusamala maluŵa ku Johannesburg ndi Cape Town, ngakhale ambiri a iwo, makamaka opanda zikalata zokwanira, amaopa kuyandikira ofesi iliyonse ya boma. Kwathu kuno chofunika choyamba nchapafupi: aliyense wolemba munthu ntchito, ngakhale mmodzi, alembe penapake dzina, tsiku loyambira ndi malipiro. Popanda pepala limenelo lamulo labwino kwambiri limangokhala mawu.

Tsono ngozi yosalembedwa siikonzedwa. Boma la America lidazindikira zimenezi, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2015 bungwe lake loona za chitetezo pantchito, OSHA, lidalamula kuti kuduka kulikonse kwa chiŵalo, ngakhale kansonga ka chala kopanda fupa, kunenedwe pasanathe maola 24. M'chaka choyamba chokha padalembedwa anthu 2,644 oduka ziŵalo, ndipo chiŵerengero chimenecho chidachokera m'zigawo zokhazo zimene bungwelo limayang'anira mwachindunji, pafupifupi theka la dzikolo. Phindu la lamulo lotero silili pa nambala yokha. Mwini ntchito akadziŵa kuti kansonga ka chala kadzabweretsa mafunso a boma, amayamba kuyang'ana chitseko chake ndi maso ena. Ife tili ndi lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito, ndipo mu 2019 dziko lathu lidavomereza mapangano a bungwe la ILO a chitetezo pantchito. Chimene chikufunika nchakuti oyendera malo antchito, pofunsa za makina ndi mabotolo ozimira moto, azikankhanso geti ndi dzanja lawo kuti aone ngati limaima.

Pakuti kuteteza chala ku chitseko sikufuna katswiri wochokera kunja. Geti loyenda panjanji lifuna choimitsira cholimba kumapeto konse kuŵiri, ndi chogwirira chowotcherera patali ndi pamene chitsulo chimakumana ndi chipilala, kuti munthu asamagwire m'mphepete. Chitseko cha kontena kapena cha shedi chifuna ngoŵe yochikolera kukhoma kuti mphepo isachimenyetse. Chitseko cholemera chifuna kachipangizo kochibweza pang'onopang'ono, ndipo mpata wa kumahinjesi ukhoza kuphimbidwa ndi mphira, ngakhale wodula ku tayala lakale. Pamene pamadutsa anthu onyamula katundu pafunika kagalasi pachitseko, kuti wokankha aone amene ali kuseri, ndi nyale usiku. Zonsezi mmisiri wowotcherera wa ku Ndirande kapena ku Mchesi akhoza kuzichita tsiku limodzi, pa mtengo wochepa kuposa malipiro a miyezi isanu a chala chimodzi.

Mlungu wathawu ndidadutsanso pa nyumba ija. Ndidawauza akulu aja kuti apite ku Leba akafunse, atatenga buku lawo la kuchipatala, ngakhale papita nthaŵi ndipo malamulo otere amakhala ndi malire a nthaŵi yodandaulira. Adandithokoza mwaulemu nati akaganizira. Tili chilankhulire lole idaimba belu panja, iwo nathamangira kukatsegula. Getilo likadali lopanda chogwirira, ndipo adalikankha atagwira m'mphepete, ndi dzanja lamanzere.